Tsiku Limene Ndinabweza Mawu Anga M'Nyumba ya Malamulo

Senderani kuno, ana inu, mthunzi wa mtengo wa nimu wasamukira mbali ino. Iwe Tamanda, bwera nawo mpando wangawo. Usaukoke, unyamule, mwendo wake umodzi ndi wokalamba ngati wangawu. Dzuwa la mwezi uno silifuna munthu woyendayenda, ndiye poti mwandiputa nokha, khalani pansi mumve.

Ndamva kuti aphunzitsi anamufunsa Yamikani kuti, "Agogo ako ankachita chiyani ku Nyumba ya Malamulo zaka zonse zija?" Iye n'kuyankha kuti, "Ankavala suti." Usabise nkhope, sunaname. Suti ndinkavaladi, yakuda, ya nsalu yokhuthala, ndipo ndikafika nayo kuchigwa kuno ndinkapsa ngati mbatata ya m'phulusa. Koma panali tina ndi tina kupatula sutiyo. Anthu a dera lino anandituma kanayi kukawayankhulira, kamodzi anandikana. Za kanayi kajako mungazimve kwa aliyense, nyimbo zake amayi ena akuzikumbukirabe. Za kamodzi kajako ndikufuna muzimve kwa mwiniwakene. Agogo anu a Malita ali m'khitchinimo, akumva zonse. Mukamva atsokomola mudziwe kuti ndathira mchere wambiri.

Inu mwabadwira kumtunda kuno, m'nyumba ya malata, ndiye mumaona ngati kwathu ndi kuno. Ayi. Mchombo wanga unagwera kumunsi, kwa Mlolo, kumene dothi lake ndi lakuda ndipo ukaliponda m'dzinja limakuvula nsapato. Bambo anga ankalima mapira ndi thonje. Mapirawo tinkawalondera mbalame kuyambira m'mawa, titakwera pansanja, tili ndi gulaye ndi zitini zogogoda, mpaka mawu kusasa. Chaka cha njala amayi ankalowa m'dambo mpaka m'chiuno kukazula nyika, mizu ya maluwa a m'madzi aja. Si yokoma ayi, koma inkatifikitsa ku masika. Inu mutadya nyika masiku awiri mukhoza kuimbira foni apolisi.

Ndinali ndi mnzanga, dzina lake Jowaki. Makolo ake anachokera ku Mozambiki iye ali kumbuyo kwa mayi ake, ndipo pakhomo pawo pankamveka Chisena chokhachokha. Ine ndinapita kusukulu ya mishoni mpaka ndinakhala mphunzitsi. Iye anatsala pamtsinje ndi mwadiya wa bambo ake, bwato lija losema pamtengo umodzi, n'kumawolotsa anthu. Tinkaitanana kuti shamwali, ndiko kuti bwenzi, ndipo ngakhale nditakhala phungu, ena onse akundiitana "Olemekezeka", iye sanasiye kundinena kuti iwe.

Masiku amenewo Nyumba ya Malamulo inali ku Zomba. Lero mumakwera minibasi, n'kumadandaula kuti yachedwa pomwe yangoima kutsitsa munthu. Ife unali ulendo weniweni. M'dzinja mudzi wathu unkasanduka chilumba, ndiye Jowaki ankayamba wandiwolotsa kukandisiya kufupi ndi siteshoni. Sitima inkakwera mapiri aja ikubuula ngati ng'ombe yapangolo, pang'onopang'ono, moti munthu ukanatha kutsika, kugula nthochi, n'kuipezanso. Ku Limbe ndinkakwera basi. Agogo anuwa ankandimangira kamba wa milamba yowamba ndi masau ouma, ndipo ulendo woyamba anaziika m'sutikesi momwemo pamodzi ndi suti. Ndinakalumbira ndikununkha utsi wa nsomba. Mwamva? Sanatsokomole.

Ku Zomba kunkazizira mokhala ngati kuli ndi mlandu ndi ine. Nyumbayo inali yaing'ono kusiyana ndi mmene ndinkaiganizira, koma Sipikala akamalowa atavala mkanjo wake, kutsogolo kuli munthu wonyamula ndodo yonyezimira ya ulamuliro wa Nyumba, tonse tinkaimirira mwaulemu. Chovuta china chinali chilankhulo. Anthu amene akutuma akulirira m'Chisena ndi m'Chimang'anja, iwe uyenera kukalira m'Chingerezi, ndipo uyambe ndi "Bambo Sipikala" ngati kuti amene akumva kuwawa ndi iwowo.

Ulendo woyamba kuimirira ndinayankhula za ng'ona. Chaka chimenecho ng'ona zinagwira amayi angapo padoko akutunga madzi, mmodzi anali mayi wa mwana wa m'kalasi langa. Nditangotchula ng'ona, Nyumba inaseka. Phungu wina wa kumapiri anakuwa kuti, "Ndiye mukufuna tizikhazikitsire lamulo ng'onazo?" Kuchokera tsiku limenelo ndinakhala Phungu wa Ng'ona. Nduna inaimirira n'kunena kuti boma lamva. Ine ndinasangalala, ndinalembera kalata agogo anu kuti boma lamva. Panapita nthawi kuti ndizindikire kuti "boma lamva" ndi njira yaulemu youzira munthu kuti akhale pansi.

Ndiye ndinaphunzira kusakhala pansi. Nyumba ikakumana, funso langa linali lomwelo, ndinkangosintha mawu oyambira. Ndinasiya kunena kuti "anthu akuvutika", chifukwa mawu amenewo aliyense amawanena ndipo saluma munthu. Ndinkatchula doko, ndinkatchula mudzi, ndinkanena kuti mayi wakutiwakuti wasiya ana angati. Anatopa nane. Anadzakumba mijigo m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje, ndipo pamadoko ena anazika mipanda ya mitengo m'madzi kuti amayi azichapa mkati mwake. Za masikelo a thonje ndinalimbana nazo nthawi yaitali kuposa apo. Ogula ena ankabwera ndi sikelo yawoyawo, mlimi sadziwa kuwerenga, thumba lolemera lisanduke lopepuka ali pomwepo akuyang'ana. Ndinanena ndi kunena mpaka m'lamulo munalowa ndime yakuti sikelo iziyesedwa msika usanatsegulidwe, ndipo izipachikidwa poyera pamene mlimi akuona. Ndime imeneyo ilibe dzina langa, koma ndimaidziwa ngati mwana wanga.

Nthawi ya chipani chimodzi tinkayankhula tikuyang'ana uku ndi uku. Unkayamba wathokoza kaye, kuthokoza, kuthokozanso, kenaka pempho lako n'kulilowetsa chakumapeto ngati munthu wobisa singano m'mtolo wa udzu. Zipani zitachuluka, Nyumba n'kusamukira ku Lilongwe, pakamwa panamasuka, mwinanso mopitirira. Anthu ankakuwa, kumenya matebulo, Sipikala n'kumangoti "Oda! Oda!" ngati akuitanira malonda. Ine imvi zinali zitayamba. Aphungu achinyamata ankabwera kudzandifunsa kuti funso amalilemba bwanji, bilu amaitsutsa pati. Bilu, ana inu, ndi lamulo limene likadali m'mimba, lisanabadwe. Anandipatsanso mpando wotsogolera komiti ya zaulimi. Apa ndiye ndinayamba kudzimva, ndikuvomera. Munthu ukamafunsidwa nzeru tsiku ndi tsiku umaiwala kufunsa.

Kenaka kunabwera madzi osefukira aja. Makolo anu anali achinyamata, akuwakumbukira. Ine ndinali ku Lilongwe, ndinafika tsiku lachitatu. Kwa Mlolo kunalibe mudzi, kunali nyanja yofiira, madenga akuoneka apa ndi apo, anthu ali m'mitengo ndi pazulu. Mlongo wanga Esinta, wobadwa pambuyo panga, mayi wamasiye wa ana anayi, anali atafika kale pamalo okwera ndi ana ake. Atawakhazika anabwerera kukamasula mbuzi m'khola. Sanabwerenso. Anamupeza tsiku lachinayi m'bango, ndipo amene anamupeza ndi kumuika m'mwadiya anali Jowaki. Tinamuika kumtunda, pamalo achilendo, chifukwa manda a makolo athu anali pansi pa madzi.

Patapita miyezi, boma linabweretsa bilu yokhudza malo osefukira madzi. Inkati anthu onse a m'malo otsika asamutsidwe, apatsidwe malo kumtunda, ndipo malo a kumunsiwo atsekedwe, munthu asakhalekonso kapena kulimako. Ine nditaiwerenga ndinaona nkhope ya Esinta. Sindinafunse munthu. Sindinabwere kuno kudzakhala pansi ndi anthu monga ndinkachitira pa za ng'ona ndi za thonje. Ndinkati ndikudziwa kale, si ndaika mlongo wanga m'manda?

Tsiku la mtsutso ndinaimirira, Nyumba inakhala chete, chifukwa onse ankadziwa za maliro aja. Ndinayankhula nthawi yaitali, koma mawu amene anatsala ndi awa: "Bambo Sipikala, anthu anga ndimawadziwa. Ndi ouma mitu. Amakonda matope kuposa moyo wa ana awo. Tawanyengerera kokwanira. Ngati safuna kusamuka, boma liwanyamule." Anamenya matebulo mbali zonse ziwiri, chinthu chosachitikachitika. Nduna yoona za biluyo, mnyamata waulemu ndithu, inadzandigwira chanza ndi manja awiri. Ine ndinatuluka ndikuona ngati ndamulirira Esinta mokwanira.

Wailesi inkatanthauzira zokambidwa m'Nyumba m'Chichewa. Inawatenga mawu ajawo monga analili, n'kuwabwereza masiku awiri.

Nyumba itapita kukapuma, biluyo isanathe kukambidwa, ndinabwera kumudzi. Sitima inali itasiya kale kuyenda, njira yachidule inali kutsikira ku Bangula n'kuwoloka Shire pamwadiya. Padoko anthu anandipatsa moni ndi mawu awiri okha, n'kuyang'ana kumadzi. Jowaki anakankhira mwadiya m'mphepete.

"Kwerani, Olemekezeka," anatero.

Ndinamuyang'ana. "Shamwali, wadwala?"

"Ife tili bwino, Olemekezeka. Khalani pakatipo, munganyowe."

Anangopalasa mpaka kutsidya. Kunyumba nako agogo anu ananditenthetsera madzi, anandiyalira mphasa, n'kubwera ndi mbale, kugwada bwinobwino monga mwa masiku onse.

"Bambo a Joji," anatero, "ife ouma mitu taphika mbatata ya m'matope. Kaya mudya."

Eya, tsokomolani, a Malita, koma munatero.

M'mawa mwake Jowaki anafika pakhomo dzuwa lisanakwere. Anati pali malo akufuna akandionetse, ndivale nsapato zoyendera. Unali mwezi wa mphepo, kumtunda konse udzu utauma, fumbi lokhalokha. Tinatsetsereka mpaka kumadimba, kumene madzi aja anagona. Ana inu, ndinakulira kumeneko, koma zaka za suti zinali zitandiiwalitsa. Chimanga chinali chobiriwira, chofika m'mapewa, chopanda feteleza ngakhale kambewu kamodzi. Mbatata zitayala, maungu, nyemba, tomato. Madzi omwe aja anapha anthu anali atasiya dothi latsopano, ndipo anthu anali m'menemo ndi makasu, ena ovala zakuda za maliro.

"Ili ndi dimba la Esinta," anatero Jowaki ataima. "Amene akulimamo ndi ana ake. Chimanga ichi ndicho adye mpaka mvula. Bilu yanu ikadutsa, akabwera muno adzakhala akuba."

Ndinati, "Jowaki, madziwa adzabweranso. Ukufuna tidzaikenso anthu angati?"

"Za madzi musandiuze ine, Olemekezeka. Esinta ndinamuvuula ndi manja awa. Inu munamupeza atakutidwa kale nsalu." Anayang'ana chimanga chija. "Sanabwerere chifukwa chouma mutu. Mbuzi zija zinali ndiwo, zinali sopo, zinali sukulu ya ana. Anadziwa kuti akazisiya, ana apulumuka lero n'kudzafa pang'onopang'ono. Inu mwakauza dziko lonse kuti ankakonda matope kuposa ana ake."

M'Nyumba munthu akakupanikiza umaimirira n'kunena kuti waphwanya ndondomeko. M'dimba mulibe Sipikala.

Sanandisiyire pomwepo. Tinakwera mtunda, kuyenda mpaka dzuwa kufika pamutu, kupita kumalo kumene anthu ena anasamutsidwirako pa madzi a m'mbuyomo. Malo amenewo ndinali nditawatchula m'Nyumba ngati chitsanzo chabwino, koma ndinali nditangofikako kamodzi, pagalimoto, tsiku lotsegulira. Nyumba zinalipo ndithu, zina zokhoma. Minda inali miyala. Pamjigo tinapeza mayi wina, a Luwiza, akutsuka mbale. Jowaki anawapempha kuti andipatse madzi akumwa. Anandiyang'ana, anayang'ana Jowaki, n'kupopa m'kapu. Ndinamwa kamodzi n'kulavula. Mchere wokhawokha.

"Madzi abwino kuno nkhabe," anatero a Luwiza, ndiko kunena kuti kulibe. "Akumwa timakatunga kumunsi, tikamachokera kudimba."

"Mumapitabe kudimba? Mtunda wonse tayendawu?"

"Nanga tidya miyala, bambo? Kusamuka ife sitinakane. Ndani amafuna kugona akumvetsera mtsinje? Kuno timagona, kumunsi timadya. Amene mukuona akhoma nyumbawa anatopa ndi kuyenda, anabwerera. Tsono tamva kuti mukufuna mutseke kumunsiko."

Sananene mokalipa. Anatenga kapu yawo n'kupitiriza kutsuka.

Sabata imeneyo sindinachititse msonkhano uliwonse. Ndinkangoyenda m'madimba, kukhala pamizere, kumvetsera. Ena ankandiyankha, ena ankapitiriza kulima ngati palibe munthu. Zimene ndinamva zinali zofanana: nyumba kumtunda avomera, koma dimba likhale lawo, ndipo kumene akupitako kukhale madzi akumwa asanafike, osati lonjezo la madzi. Nzeru imeneyi inali pakamwa pa aliyense, ngakhale ana. Ine ndekha, wapampando wa komiti ya zaulimi, ndi amene ndinalibe.

Nditabwerera ku Lilongwe ndinalemba zosintha ziwiri pa biluyo n'kuzipereka kwa alembi a Nyumba. Nkhani inamveka msanga. M'chipani chilichonse mumakhala mkulu amene ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti aphungu onse akuvota mofanana. Wathu anandiitanira pambali pa nthawi ya tiyi.

"Achikulire," anatero, "mawu anu aja ndi amene anyamula biluyi. Nduna ikuwatchula paliponse. Lero mukufuna muwameze?"

"Ndikufuna ndiwabweze."

"Phungu sabweza mawu. Amangokhala chete, anthu n'kuiwala. Dwalani tsiku limenelo, palibe adzakufunseni. Koma mukaimirira, mpando wa komiti uja muuiwale."

Ndinati, "Mpandowo ndi wa Nyumba, ine ndinangobwereka."

Musaganize kuti ndinanena molimba mtima. Mpando umenewo ndinkaukonda, unali ndi galimoto, unali ndi ulemu, ndipo panali mphekesera yakuti unduna uli pafupi.

Tsiku lokambirana biluyo ndime ndi ndime linafika. Sipikala atanditchula ndinaimirira. Ndinati, "Bambo Sipikala, ndisananene za ndime iyi, ndikupempha kubweza mawu amene ndinayankhula m'Nyumba ino. Ndinati anthu anga ndi ouma mitu. Ndinalakwa. Ndinayankhula ndili ndi maliro mumtima, ndisanawafunse eni ake. Ndapita, ndawafunsa, ndamwa madzi amene tinawapatsa kumtunda, ndipo ndinawalavula. Wouma mutu pankhaniyi ndinali ine."

Mbali yotsutsa boma inaphulika ndi chisangalalo, ankaona ngati ndagalukira chipani. Wina anakuwa kuti, "Wolokerani kuno, agogo!"

Ndinati, "Ndawoloka Shire sabata yathayi, kwandikwana."

Anaseka, ndipo kusekako kunandithandiza, chifukwa anthu akaseka makutu amatseguka. Ndinafotokoza za dothi limene madzi amasiya, za chimanga cha m'chilimwe, za mtunda umene a Luwiza amayenda ndi ndowa pamutu. Ndinati biluyo cholinga chake n'chabwino, anthu asamagone m'njira ya madzi, ndipo pamenepo sindinasinthe mpaka lero. Koma lamulo lotsekera munthu chakudya chake silimupulumutsa, limangomusandutsa wakuba m'munda wa makolo ake. Ndinapempha ziwiri zija: madimba akhalebe a eni ake, ndipo munthu asasamutsidwe madzi akumwa asanapezeke kumene akupita.

Aphungu ena a kuno kuchigwa, a kwa Maseya ndi kwa Kasisi uko, amene anali chete nthawi yonseyi poopa chipani, anaimirira mmodzimmodzi kundivomereza. Nduna ija inamvetsera itagwira chibwano. Pamapeto inapempha kuti biluyo ibwerere kaye ikakonzedwe. Itabweranso, ndime ya madimba inalimo monga ndinailembera. Ya madzi anaifewetsa, anangoti boma lidzayesetsa. Mawu akuti "lidzayesetsa" ndi mng'ono wake wa "boma lamva", ndipo mpaka ndinachoka m'Nyumba ndikulimbana nawo. Mpando wa komiti unapita mwezi womwewo. Za unduna sindinazimvenso.

Ndinkayembekeza kuti wailesi ichita monga inachitira poyamba. Koma tsiku lomwelo masana aphungu awiri anatsala pang'ono kugwirana m'makosi pa nkhani ina, ndipo nkhani ya tsikulo inakhala imeneyo. Za ine anangoti phungu wina wa ku Nsanje wapempha kusintha ndime ziwiri. Chipongwe chija chinafika m'nyumba iliyonse, kupepesa kunatsala m'buku la Nyumba, limene amalembamo zonse zoyankhulidwa. Zonse ziwiri zili momwemo mpaka lero, koma bukulo kwa Mlolo analiwerengapo ndani?

Agogo anu anati, "Munatukwana ndi pakamwa, kapepeseni ndi miyendo." Ndinatenga njinga yanga yakale ya uphunzitsi, ndinaipopa, n'kuyamba mudzi ndi mudzi. Ndinkaima pansi pa mtengo, popanda chimkuzamawu, popanda ovina, n'kunena m'Chisena kuti, "Ndadodoma, ndilekerereni." Ndiko kuti ndalakwa, ndikhululukireni. Kenaka ndinkawauza za madimba, kuti ndi awo ndipo palibe adzawathamangitse. Amayi ena ankalulutira. Ena ankangomva n'kunyamuka. Pamudzi wina bambo wachikulire, wakhungu, anandisiya ndimalize, n'kunena kuti, "Tamva, mwana wathu. Koma munatinyoza pamaso pa dziko lonse, mwadzapepesa pansi pa mtengo." Ndinati ndi zoona.

Chisankho chitafika ndinagwa. Amene anandigwetsa anali mnyamata amene ndinamugwirapo dzanja pomuphunzitsa kulemba, ndipo pamisonkhano yake sankavutika, ankangofunsa kuti, "Ouma mitu muli pano?" anthu n'kuyankha kuti, "Tilipo!" Sindimuda, ndale ndi choncho, ndipo mkondo wondilasirawo ndinamusulira ndekha. Patapita zaka zisanu anthu omwewo anadzandibwezera, ndinakhalanso m'Nyumba ulendo wotsiriza, ndinayankhulanso zambiri, za njanji, za mijigo ya mchere, za mbewu zopirira chilala. Koma mukandifunsa tsiku limene ndimalikumbukira kwambiri pa zaka zonsezo, si la m'Nyumba ayi. Ndi m'mawa umene ndinkachokera ku boma, zotsatira zitalengezedwa.

Galimoto ya chipani imene inandipititsa sinapezeke yondibweza. Ndinakwera matola mpaka padoko. Kunali anthu ambiri, amayi ochokera kumsika ndi matumba awo, ndipo onse anali atamva kale. Jowaki anali atakhala kumbuyo kwa mwadiya wake akukapa madzi ndi chigubu chodula. Ndinakwera, ndinakhala pathumba la wina. Tili pakati pa bango, tisanalowe mumtsinje weniweni, ndinalephera kupirira.

"Shamwali, unandivotera?"

"Ayi," anatero, osatembenuka n'komwe.

Amayi aja anagwira pakamwa.

"Madimba ndinabweza," ndinatero.

"Unabweza, takhuta, tathokoza. N'chifukwa chake ndikadzakhala moyo ulendo winawo ndidzakuvotera. Koma uno ndinati ukhale kaye pansi. Ulime dimba la Esinta ndi ana aja chaka chimodzi, ziwiri, uzimva wailesi uli kuno, uone mmene mawu amamvekera akamachokera kumtunda."

Kenaka anawerama, anasolola nkhafi yachiwiri pansi pa matumba n'kundiponyera pamiyendo.

"Katundu wachuluka lero, ndipo phewa langa likuvuta. Palasa."

Ndinayang'ana amayi aja, iwo anayang'ana ine. Ndinavula jekete, ndinalipinda, mayi wina analilandira n'kuliika padengu lake. Nkhafi ndinali nditaigwira komaliza ndili mnyamata. Nditangoiviika, mwadiya unatembenuka n'kuyang'ana kumene tinachokera.

"Mbali inayo, iwe! Ukufuna utibwezere ku Bangula?"

Ndinasintha mbali, unazunguliranso kwina. Amayi anayamba kuseka, poyamba mobisa m'zitenje, kenaka poyera, mpaka wina misozi. Ine ndemwe ndinaseka, koyamba chiyambire sabata imeneyo. Jowaki ankangokuwa kumbuyo, "Viika yonse! Usakande madzi ngati nkhuku!" Madzi anatikokera kumunsi, doko tinaliphonya, tinakakocheza m'bango patali ndithu, pamatope ofika m'mawondo. Tonse tinatsika pomwepo, nsapato m'manja. Mayi amene ananyamula jekete langa anandiloza thumba lake la mbatata. Ndinaliika paphewa, ndipo tinayenda mumzere kubwerera kudoko, Jowaki ali patsogolo akuuza aliyense amene takumana naye kuti wapeza wantchito watsopano, koma ndi wosaphunzira.